Ku Kilwa Kisiwani, kumene chuma cha kumtunda chinkatulukira

Amalawi ambiri amene amapita ku Dar es Salaam ulendo wawo umathera ku Kariakoo kapena kudoko. Akangooda katundu kapena kutenga galimoto, mtima umakhala uli ku Songwe basi. Inenso ndakhala ndikutero. Koma ulendo uno, nditamaliza zimene ndinapitira, ndinalawirira ku Mbagala n'kukwera basi yolowera kummwera, msewu wa ku Lindi ndi Mtwara. Tinadutsa Kibiti ndi Ikwiriri, n'kuwoloka Rufiji pa mlatho wa Mkapa umene unatsegulidwa mu 2003. Chakumasana tinafika pamphambano ya Nangurukuru, pamene munthu amasiya msewu waukulu n'kukhotera kunyanja. Kuchoka ku Dar ndi makilomita pafupifupi 300.

Malo otchedwa Kilwa alipo atatu. Kilwa Masoko ndi pa boma, pamene pali msika, malo ogona ndiponso ofesi yopereka chilolezo chokaonera mabwinja. Kilwa Kivinje ili chakumpoto pang'ono. Yachitatu ndi Kilwa Kisiwani, chilumba chimene umachiona bwinobwino ukaima padoko la Masoko. Uli kutsidya kuno sungachiyese kanthu: milambe, mitengo ya kokonati, tinyumba ta asodzi ndi chikhoma chimodzi chotuwa m'mbali mwa madzi. Koma zaka 700 zapitazo, golide amene ankachoka kumwera kwa Africa kupita ku Arabia ndi ku India ankayamba walipira msonkho pamenepa.

M'mawa mwake ndinatsikira kudoko ndi mnyamata wondiperekeza, wobadwira pachilumba pomwepo. Mwini bwato anali bambo wachikulire, ndiye ndinawapatsa moni wa kumeneko. "Shikamoo, mzee." Iwo anayankha "marahaba" uku akukunga thanga. Sitinachedwe pamadzi. Madzi anali ataphwera, choncho tinapinda mabuluku n'kutsikira m'matope, nsapato zili m'manja. Chinthu choyamba kukulonjera ndi linga lija ndinkaliona ndili kutsidya, limene amalitcha Gereza. Ine miyendo inali italunjika kale kumeneko, koma mnyamatayo anandigwira mkono.

"Kaka, apa tibwera pomaliza. Eni linga ili anafika nkhani itapita kale patali. Tiyeni kaye kumzikiti."

Tinadutsa m'mudzi, pakati pa mbuzi ndi ana a madrasa, mpaka tinatulukira pa Mzikiti Waukulu. Chigawo chake chakumpoto ndicho chakale kwambiri, cha m'zaka za m'ma 1000 mpaka 1100, ndipo denga lake linagwa kalekale. Chakummwera ndiye chimene chimaimitsa munthu. Ndinavula nsapato ngakhale masiku ano sapemphereramo, chifukwa mtima sunandilole kulowa nazo. M'kati muli mizere ya nsanamira zolumikizana pamwamba, ndipo mpata uliwonse uli ndi denga lakelake, ena ozungulira ngati miphika yovundikira, ena ataliatali opindika. Kunja dzuwa linali litakwiya, koma m'katimo muli zii. Ndinayala dzanja pakhoma. Mwalawo ndi wokhakhala, wa timabowo ting'onoting'ono, chifukwa ndi korali, mwala umene umapangika pansi pa nyanja yamchere. Amisiri ankausema ukadali wofewa, atangouvuula, ndipo ukauma unkalimba gwa. Laimu womangira ankamupeza potentha korali yemweyo. Cha pamwamba mumaoneka timaenje tozungulira m'mene ankamatamo mbale zadothi zonyezimira zochokera kunja. Ndinaima moyang'ana mihrabu, kamphako ka m'khoma kolozera kumpoto kumene kuli Makka, n'kumaganiza za anthu amene ankafola pamenepa tsiku la Ijumaa, Lachisanu, zaka mazana ambiri Chisilamu chisanafike kwathu ku Nkhotakota. Ndinanyada, sindibisa.

Anthu a pachilumbapa amati ufumu unayamba ndi Ali bin al-Hasan, mwana wa banja lachifumu la ku Shiraz ku Persia, amene anafika pa chombo n'kugula chilumbachi kwa mfumu ya pamalopo ndi nsalu. Mnyamata uja anafotokoza mmene agogo ake ankafotokozera: nsaluzo anaziyala mpaka zinazungulira chilumba chonse. Nkhani yomweyi ili m'mbiri ya mafumu a Kilwa imene inalembedwa m'Chiarabu m'zaka za m'ma 1500. Ali bin al-Hasan analiko ndithu, chifukwa makobidi olembedwa dzina lake apezeka m'nthaka, ena mpaka ku Pemba. Koma nkhani imeneyi Azungu a nthawi ya atsamunda anaikonda pa chifukwa cholakwika. Ankafuna kuti tizikhulupirira kuti nyumba zamiyala zonsezi anamanga ndi alendo, munthu wakuda ankangosenza miyala. Zimene zafukulidwa zikukana. Pachilumbapa panali kale mudzi wa asodzi ndi osula zitsulo m'zaka za m'ma 800, ndipo miphika yawo ndi yofanana ndi ya anthu ena a kugombe ndi kumtunda. Ibn Battuta, mlendo wa ku Morocco amene anafika kuno mu 1331, analemba kuti anthu ambiri a mumzindawu anali akuda bii, a mphini kumaso. Kafukufuku wa DNA amene anatuluka mu 2023, woyeza mafupa a m'manda akale a kugombeli, anapeza kuti kuchimuna kunalidi magazi a ku Persia kuyambira cha m'ma 1000, koma kuchikazi anali amayi a mu Africa muno. Alendo anabwera, anakwatira, ana awo n'kukhala Aswahili. Mzindawu unali wa ana amenewo.

Nanga n'chifukwa chiyani chuma chinaunjikana pano osati pena? Chilumbachi chilibe mgodi, ndipo nthaka yake si yoti n'kulemeretsa munthu. Yankho ndi mphepo. Kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi kumaomba mphepo ya mpoto imene kuno amati kaskazi, ndipo ndiyo inkabweretsa zombo za matanga kuchokera ku Arabia ndi ku India. Kuyambira Epulo mphepo imatembenuka, n'kubwera kusi, mwera wa kunoko, wobweza zombozo kwawo. Woyendetsa chombo amene ankafuna kubwerera chaka chomwecho sakanapitirira Kilwa. Koma golide anali kummwera kwambiri, ku Sofala, kufupi ndi kumene kuli Beira lero. Amalonda a ku Kilwa ndiwo ankatha kutsika ndi zombo zawo kukamutenga, ndipo cha m'zaka za m'ma 1100 anawalanda a ku Mogadishu malonda amenewo. Kuyambira pamenepo wa ku India ankasiya nsalu ndi mikanda pa Kilwa, wa ku Sofala n'kubweretsa golide ndi minyanga pa Kilwa pomwepo, sultani n'kumadula msonkho polowa ndi potuluka.

Golideyo sanali wa ku Sofala. Ankakumbidwa kumapiri a Zimbabwe, ndipo nthawi imene Kilwa inkakwera ndi yomweyonso imene makoma a Great Zimbabwe ankakwera. Mizinda iwiriyi inkadyerana. Ku mabwinja a Great Zimbabwe afukulako mbale za ku China ndi ku Persia ndi mikanda yagalasi yambirimbiri, ndiponso kakobidi kamodzi kamkuwa kolembedwa dzina la sultani wa ku Kilwa, al-Hasan bin Sulaiman. Kakobidi kameneko kanayenda ulendo wonsewo m'manja mwa anthu, kuchoka pachilumba chino kukafika pakati pa dziko.

Sultani ameneyu ndiye mwini nthawi ya ulemerero. Anali wa banja la Mahdali, limene linatenga ufumu cha m'ma 1277, ndipo analamulira kuyambira cha m'ma 1310 mpaka 1333. Ndiye anakuza mzikiti uja, ndiyenso anamanga nyumba yachifumu yotchedwa Husuni Kubwa. Kuti ukafike kumeneko umayenda ndithu, kudutsa m'tchire ndi m'minda, thukuta lili kamukamu. Ukangotulukira umapeza uli pamwamba pa phompho, nyanja ili pansi pako, ndipo kutsogolo kwako kwayala maziko a nyumba ya zipinda zoposa 100. Mnyamata uja ananditsitsira m'bwalo lokumbidwa pansi, lokhala ndi masitepe okhalapo anthu, m'mene sultani ankalandirira alendo. M'makoma muli timapanga toikamo nyale. Kenako tinafika pa dziwe losambiramo la ngodya zisanu ndi zitatu, losemedwa mwaluso moti mpaka lero m'mbali mwake muli mwaa. Ndinakhala pamphepete pake miyendo ili lende m'kati. M'dziwemo munalibe madzi, munali masamba ouma ndi buluzi mmodzi. Kuchokera pamenepo umaona khwalala lonse la madzi lolowera kudoko, kutanthauza kuti mwini nyumba ankatha kuwerenga zombo zobwera ali m'madzi osamba. Masitepe ena osemedwa m'thanthwe amatsikira kugombe, kumene kunali kamzikiti kake.

Koma chimene chinandiuza zambiri si dziwelo. Kumbuyo kwa nyumbayi kuli chibwalo chachikulu chozunguliridwa ndi zipinda zofanana, zopanda chokongoletsa chilichonse. Zimenezo zinali mosungira katundu. Pafupifupi theka la nyumba yachifumu linali sitolo. Mfumu ya kuno inali wamalonda wamkulu, ndipo mphamvu zake sizinali m'minda kapena m'gulu lalikulu la asilikali koma m'katundu wodutsa. Katunduyo akasiya kudutsa, palibe china chimene chikanagwira nyumba yotereyi.

Ibn Battuta anamuona sultaniyu ndi maso ndipo anatcha Kilwa umodzi mwa mizinda yokongola ndi yomangidwa bwino kwambiri. Sultaniyu anthu ankamutcha Abu al-Mawahib, tate wa mphatso. Mlendoyo anasimba kuti tsiku lina la Ijumaa, sultani akutuluka mumzikiti, mmphawi wina wa ku Yemen anamupempha zovala zimene anavala. Sultani anabwerera, n'kukasintha, n'kumupatsa. Woperekeza alendo aliyense amaikonda nkhaniyi ndipo ambiri amaithera pomwepo. Koma imapitirira. Mwana wa sultani anawombola zovalazo popatsa mmphawiyo akapolo 10, ndipo bambo ake atamva mmene anthu ankayamikirira anawonjezera akapolo ena 10 ndi mitolo iwiri ya minyanga. Ibn Battuta yemweyo analembanso kuti sultaniyu ankakonda kukathira nkhondo anthu a kumtunda n'kubwerako ndi zofunkha. Choncho kuwolowa manja kumene tikukutamaku kunkayezedwa ndi anthu amoyo, ana a eni ake. Ndinakhala pa dziwe paja ndi zinthu ziwirizi mumtima, kunyada kwa mumzikiti kuja ndi ichi, ndipo palibe chimene chinachotsa chinzake.

Kugwa kunayamba msanga kuposa mmene ambiri amaganizira. Husuni Kubwa sanakhalemo nthawi yaitali, ndipo zigawo zina sanazimalize n'komwe. Amene analowa ufumu pambuyo pa al-Hasan, mbale wake Daud, ankabweza opempha powauza kuti wopatsa uja anamwalira ndipo sanasiye choti n'kupatsa. Anthu amamunena kuti anali woumira, koma ine ndikuona kuti mwina ankangonena zoona za m'thumba. Patangopita zaka zochepa, cha m'ma 1347, mliri waukulu unasesa Middle East ndi Ulaya, madoko ambiri n'kuzizira, ndipo akatswiri ena a mbiri amati kufunika kwa golide kutatsika Kilwa inamva kuwawa nthawi yomweyo. Denga la mzikiti linagwa ndipo linakhala chigwere kwa zaka zambiri. Taganizani, mzinda umene unkadula ndalama zakezake kulephera kukonza nyumba yake yopemphereramo.

Mzindawu unadzukanso m'zaka zoyambirira za m'ma 1400. Mzikiti anaukonza, nyumba zamiyala zinachuluka, ndipo nthawi imeneyi ndi imenenso Songo Mnara inkakula, chilumba china chakummwera. Kumeneko ndinapitako tsiku lina pa bwato la injini, n'kuyenda m'madzi ofika m'mawondo pakati pa mitengo ya mikoko. Kuli nyumba zambiri zoti umalowa khomo ndi khomo, ndi mizikiti ingapo. Ndi malo okongola, koma nkhani yake ndi yomweyi, ndiye sindichedwapo.

Chimene chinadula Kilwa miyendo chinachitikira kutali, kumene sultani analibe mawu. Cha m'ma 1450 Great Zimbabwe inayamba kutha mphamvu, ufumu n'kusunthira kumpoto kwa Mwene Mutapa, kufupi ndi Zambezi. Golide anayamba kutsata mtsinje umenewo, ndipo madoko ena monga Angoche, ku Mozambique ya lero, anayamba kulandira zimene kale zinkapita ku Sofala. Ndalama zikuchepa choncho, kunyumba yachifumu kunabuka mikangano. Nduna ndi akuluakulu a asilikali ankaika ndi kuchotsa masultani mmene afunira, mpaka cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1400 nduna ina, Ibrahim, inadzitengera ulamuliro. Shehe wa ku Sofala anaona kuti palibenso chifukwa chomvera Kilwa. Tikamanena kuti Apwitikizi ndiwo anagwetsa Kilwa timanena zoona, koma theka lokha. Anapeza khoma lili ndi ming'alu kale, ndipo ming'alu ina anaiika ndi eni ake.

Izi sizichepetsa zimene Apwitikiziwo anachita. Mu 1502 Vasco da Gama anaimika zombo zake padoko lino, mizinga italoza mzinda, n'kukakamiza Ibrahim kupereka msonkho wa golide wolemera mithqal 1,500, omwe ndi makilogalamu oposa 6. Golide ameneyo alipo mpaka lero. Mfumu Manuel ya ku Portugal inalamula kuti asulire chiwiya cha m'tchalitchi choikamo Ukaristia, chimene chinatha mu 1506, ndipo chili m'nyumba yosungiramo zakale ku Lisbon. Anakumba ndi Mshona, anasenza ndi anthu a kumtunda, anadula msonkho ndi Mswahili, koma kuti umuone lero uyenera kukhala ndi viza ya ku Ulaya. Zimenezi zimandipweteka.

Mu Julaye 1505 kunabwera Francisco de Almeida ndi asilikali pafupifupi 500. Ibrahim anathawa, mzinda unafunkhidwa, ndipo Apwitikizi anaika pampando munthu wawo, Muhammad Ankoni, amene sanakhalitse asanaphedwe. Mu 1505 momwemo Apwitikizi anamanga linga pano ndi lina ku Sofala, n'kuletsa amalonda a ku Kilwa kukagula golide. Ankaganiza kuti akagwira madoko awiriwa ndiye kuti agwira golide yense. Koma malonda aja ankayenda pa chibale, pa maukwati ndi pa kukhulupirirana kwa zaka mazana, zinthu zimene mzinga sungalande. Amalonda anangosamukira ku Angoche ndi ku Zambezi, golide n'kumadutsa kumbali. Pofika 1512 Apwitikizi anaona kuti linga la Kilwa likungowadyera ndalama ndi asilikali ofa ndi malungo, ndipo anachoka. Anapha malonda a mzindawu koma iwonso sanadye.

Apa m'pamene tinabwerera ku Gereza kuja. Za Apwitikizi zatsalapo zochepa, chifukwa linga limene likuoneka lero anamanganso ndi Aarabu a ku Oman cha m'ma 1800. Lili ndi chitseko chachikulu chamatabwa chosemedwa, ndipo mbali ina ya khoma inagwera m'nyanja. Tinakhala pamthunzi wake tikumwa madzi a kokonati, mnyamata uja n'kundifunsa kumene ndimachokera. Nditatchula Malawi anaseka, n'kuloza kumadzulo, kumene chilumbachi chimayandikana ndi mtunda.

"Ndiye kuti achibale anu anafikapo kale kuno, kaka. Anawolokera uko madzi ataphwera."

Ankanena za Azimba, gulu lankhondo limene linagwera Kilwa cha m'ma 1587. Wansembe wina wachipwitikizi, João dos Santos, analemba kuti munthu wa pachilumba pomwepo ndiye anawaonetsa powolokera, ndipo anthu pafupifupi 3,000 anaphedwa. Akatswiri ambiri a mbiri amagwirizanitsa Azimbawo ndi Amaravi a kwa Lundu, kuchigwa cha Shire, amene malonda awo a minyanga anasokonezeka Apwitikizi atakhazikika ku Sena ndi ku Tete. Gululo linapitirira mpaka ku Mombasa, n'kukagonja ku Malindi mu 1589. Njira yochoka kwathu kufika kuno inalipo ndithu. Mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anayenda wapansi kuchoka ku Tete, n'kudutsa kwa mfumu Muzura, kuwoloka Shire, mpaka kudzatulukira pa Kilwa pano. Kusukulu tinkaphunzira mbiri ya Amaravi payokha, ya kugombe payokha, ngati panali mpanda pakati. Mpanda umenewo kunalibe.

Masultani anapitirizabe kukhalapo, koma ufumu unali utatsala dzina. Kenako m'zaka za m'ma 1700 ndalama zinayambanso kulowa, ndipo umboni wake ndi Makutani, nyumba yachifumu ya mpanda wautali kumadzulo kwa mudzi. Makoma ake ndi okhuthala, omangidwa ndi munthu wamantha. Ndalama zomangira zinachokera ku minyanga ndi kwa anthu. Mu 1776 Sultani Hasan bin Ibrahim anasainirana pangano ndi wamalonda wa ku France, Jean-Vincent Morice, loti azimugulitsa akapolo 1,000 chaka chilichonse, opita kuminda ya pa zilumba za Afalansa monga Mauritius. Mzinda umene unatchuka ndi golide unafika pomadya za kugulitsa anthu. Sizinaupulumutse. Cha m'ma 1785 Aomani anaulanda, ndipo m'zaka za m'ma 1840 sultani womaliza anachotsedwa n'kutumizidwa kunja. Ufumu wa zaka pafupifupi 800 unathera pamenepo.

Lero pachilumbapa pali mudzi wa asodzi. Amayi amatunga madzi pa zitsime zakale, ana amadutsa m'mabwinja popita kusukulu. UNESCO inaika Kilwa Kisiwani ndi Songo Mnara pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1981, ndipo kuyambira 2004 mpaka 2014 anali pa mndandanda wa malo amene ali pangozi, chifukwa nyanja ikudya gombe ndipo mizu ya mitengo ikung'amba makoma. Ntchito yokonza inachitika ndipo ikuoneka, makamaka pa Gereza, koma mafunde sapuma. Amene mukufuna kukaona musazengereze, ndipo mukatenge woperekeza wa pachilumba pomwepo kuti ndalama yanu ikatsale m'mudzimo.

Ku Kivinje ndinapita ndekha, pa bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu. Pamene chilumba chinkazilala, tauni imeneyi ndiyo inkakula, chifukwa ili kumtunda, pothera njira za maulendo apansi. Njira zimenezo zinkachokera kwathu. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndipo zombo zake zinkawolotsa anthu ogwidwa kupita kutsidya la kum'mawa kwa nyanja yathu. Kuchoka kumeneko ankayenda wapansi miyezi itatu kapena inayi, magoli ali m'khosi, minyanga ili pamutu, kudutsa m'maiko a mafumu achiyao monga Makanjila ndi Mataka, amene nawonso ankatumiza maulendo awo. M'zaka za m'ma 1860 anthu okwana pafupifupi 20,000 pachaka ankakwezedwa zombo pa Kivinje kupita ku Zanzibar ndi kwina, osawerengera amene anatsala m'njira. Njira yomweyo ndi imene inabweretsa Chisilamu kwathu, pamodzi ndi mpunga wa ku Nkhotakota, mikanjo ndi luso lokhoma zombo. Ine ndine mwana wa njira imeneyo, ndipo sindingasankhe kukumbukira zokoma zake zokha. Sultani Barghash wa ku Zanzibar analetsa kutumiza akapolo panyanja mu 1873, koma kwathu malondawo anapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1890.

Kivinje ya lero ndi tauni yotopa. Nyumba zosanja za amalonda akale zikugwa anthu akukhalamo, mitengo yamera pamakoma, ndipo Boma la Ajeremani laima moyang'ana nyanja, mizinga yake yadzimbiri ili panja. Pali chipilala pamalo pamene Ajeremaniwo ankapachika anthu pamtengo wa mango, ena mwa iwo a nkhondo ya Maji Maji, youkira Ajeremani, imene inayambira kumapiri a Matumbi, kufupi ndi konkuno, mu 1905. Kugombe kunali piringupiringu, zombo zikutsitsa nsomba, amayi akukazinga pomwepo. Ndinafunafuna chikwangwani chonena za anthu a kwathu amene anadutsa pamchenga umenewu, koma chimene ndinapeza ndi munthu.

Anali mkulu wina amene ankasoka ukonde pakhonde, ndipo atamva Chiswahili changa chopindika anandiitana.

"Mwanangu, kwanu n'kuti?"

Nditawauza anaika ukonde pansi. Anati agogo a bambo awo anachokera ku Nyasa ali kamtsikana, ndipo sanakwere nawo chombo chifukwa anagulidwa ndi banja la pompano. Dzina la mudzi wawo linatayika, chimene chinatsala m'banjamo ndi chakuti kwawo kunali nyanja yaikulu ya madzi akumwa. Anati mabanja otero ndi ambiri m'tauniyi, kungoti si onse amakonda kuzikamba. Kenako anayamba kundifunsa mafunso, ndipo anali mafunso a msodzi. Kodi n'zoona kuti kutsidya sikuoneka? Mumagwira nsomba zanji? Maukonde ake ndi otani? Ndinawafotokozera za chambo ndi usipa, za chilimira ndi nyali za usiku, za mwera umene umatsekereza asodzi kumtunda masiku angapo. Pa mwerapo anagwedeza mutu, amvekere kusi ndi yemweyo, sasintha khalidwe. Anaitanitsa tiyi ndi vitumbua, n'kukana kuti ndilipire.

"Mzee, ndikapita ndikutumizirani zithunzi muione nokha," ndinatero.

Anaitana mdzukulu wawo kuti andipatse nambala, chifukwa foni yawo ndi ya mabatani. Nditafika ku Nkhotakota ndinapita kudoko m'mawa asodzi akubwera, n'kujambula mabwato, usipa uli pathandala, ndi mkuyu uja amati Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe. Ndinatumiza pa WhatsApp. Yankho linabwera madzulo ake, uthenga wamawu, mkulu uja akufunsa ngati usipawo timauyanika ndi mchere kapena wopanda, ndiponso kuti ndowa imodzi ikugulidwa bwanji.